Kodi masainasi amapatsirana? Apongozi andipatsa kapu yangayanga

Make_Chisomo
Moni nonse pagulu pano. Ndithandizeni nzeru, pakhomo pano zandisokonekera. Lero ndakwanitsa masiku 6 ndikudwala. Chinayamba ngati chimfine wamba, kuyetsemula ndi mamina amadzimadzi, koma pano mphuno zatsekeratu, mamina ake ndi olimba obiriwira, ndipo nkhope ikuwawa m'masayamu mpaka mano am'mwamba. Ndikawerama kuti ndisese kapena ndichape matewera ndimangomva ngati wina wandisenzetsa njerwa pamphumi. Fungo sindikumva, dzulo nyemba zinapserera ine ndili pambali pa mbaula pomwepo. Mnzanga wa kuntchito akuti amenewa ndi masainasi.

Nkhani yakula chifukwa apongozi anabwera kuchokera kumudzi sabata yatha. Atangomva dzina la matendawo andipatula. Kapu yangayanga, mbale yangayanga, ndipo mwana wanga wa miyezi 7 akugona ndi iwo. Dzulo anayamba kunena zoti ndisiye kaye kuyamwitsa mpaka ndichire. Bambo a mwana nawo andigulira amoxicillin pagolosale, akuti ndingomwa. Sindinamwe. Ndiye ndikufunsa, kodi masainasi amapatsirana? Nanga ndipite kuchipatala kapena ndidikire?

Kabaza_wa_25
Imwani makapisoziwo mayi, awiri m'mawa awiri madzulo, mawa mudzuka muli bwinobwino. Ine fumbi la mumsewu likanditseka ndimatero basi.

NaPhiri_waSaluni
Amapatsirana amenewo. Kuntchito kwathu akayamba mmodzi, pofika Lachisanu tonse tikulankhulira m'mphuno. Apongozi anuwo sakulakwa.

Nesi_Wopuma
Make Chisomo pepani ndi matenda. Choyamba musasiye kuyamwitsa. Chimenecho ndiye ndikukanitsitsa. Chimfine sichidutsa mu mkaka, ndipo thupi lanu likamalimbana ndi kachilomboka limapanga chitetezo chimene mwana amachilandira kudzera m'mawere momwemo. Kumuletsa bere panopa ndi kumulanda chishango nkhondo ili pakhomo.

Tsopano za masainasi. Tonsefe tili nawo, si matenda ayi. Ndi timphako ta mpweya m'mafupa a nkhope: m'masaya, pamphumi, pakati pa maso, ndi tina mkati kuseri kwa mphuno. Kamphako kalikonse kali ndi kabowo kakang'ono kotulukira m'mphuno, ndipo tsiku ndi tsiku timamina timatsika pamenepo ife osadziwa. Chimfine chikabwera, mnofu wa mkatimo umatupa, timabowo tija timatsekeka, mamina amasowa kolowera n'kudzaza m'mphakomo. Kulemera kwa nkhope mukukumvako ndi kumeneko. Mano am'mwamba akuwawa chifukwa mizu yake ili pansi penipeni pa mphako ya m'tsaya.

Ndiye funsani nokha, kutsekeka kwa kabowo ka m'fupa lanu kungalumphire bwanji mwa munthu wina? Sikungatheke. Chimene chimalumpha ndi vairasi ya chimfine imene yayambitsa zonsezi. Mukayetsemula, kapena mukamina kenako n'kugwira chitseko, mnzanu amatenga chimfine. Kwa iye mwina chingokhala chimfine cha masiku 5 n'kutha, mwina chimutsekanso ngati inu. Zimatengera mphuno zake.

NaPhiri_waSaluni
Ndiye mwavomereza nane a Nesi. Mwangozungulira.

Nesi_Wopuma
Ndavomereza theka achemwali. Kusiyana kwake kulipo ndithu. Chimfine chimafala kwambiri masiku awiri kapena atatu oyambirira, nthawi ya mamina amadzimadzi ndi kuyetsemula ija. Apa mnzathuyu ali pa tsiku la 6. Ngati mwana anali woti atenge, mwina anatenga kale apongozi asanaganize za kapu. Komanso alipo anthu amene masainasi awo amatupa chifukwa cha fumbi, utsi kapena dzino lobooka. Amenewo mukhoza kugona nawo bulangete limodzi chaka chonse, palibe chimene mungatenge.

Mjomba_Che_Bwanali
Ine ndiimira apongozi. Mayi wachikulire waona mdzukulu ali pangozi, wachita zimene akudziwa. Kale kumudzi wodwala chifuwa chachikulu ankamupatsa ziwiya zakezake, ndiye iwo dzina lachilendo ngati limeneli akuliika m'gulu lomwelo. Musawanyoze.

Make_Chisomo
Sindikuwanyoza a Mjomba, ndimawakonda. Koma kapu imene andipatsa ndi ija timatungira madzi osambira.

Kabaza_wa_25
Kkkkk ndiye akutsazikani mayi.

Mphunzitsi_Std4
A Nesi, ine pa mamina obiriwira ndiye ndikutsutsani pang'ono. Ife tinakula tikudziwa kuti mamina akasintha mtundu ndiye kuti asanduka mafinya, pamafunika mankhwala amphamvu. Ngakhale kuchipatala penapake ukangonena kuti ndi obiriwira amalemba amoxicillin osafunsanso zambiri. Ndiye tikhulupirire ziti?

Clinician_wa_kuBoma
Aphunzitsi, funso limeneli ndimakumana nalo pafupifupi tsiku lililonse m'nyengo yozizira. Mtundu wa mamina paokha sutiuza kuti muli mabakiteriya. Kubiriwirako kumachokera ku asilikali a m'magazi amene thupi latumiza kukamenya nkhondo m'mphunomo. Ali ndi kanthu kobiriwira mkati mwawo, ndipo akachuluka mamina amasintha mtundu. Zimachitika ngakhale pa chimfine wamba, makamaka kuyambira tsiku lachitatu kapena lachinayi. Ambiri mwa anthu amene amabwera akudandaula masainasi amakhala kuti ndi vairasi, ndipo amoxicillin sapha vairasi. Munthu amamwa makapisozi pa tsiku la 6, n'kuchira pa tsiku la 9, n'kumatamanda makapisozi, chonsecho akanachira ndithu pa tsiku la 9 lomwelo.

Zoti ena mwa ife timangolemba, sindikana. Pamzere pali anthu mazana, wodwala akukuyang'ana ndi diso loti ukamupatsa Panado yekha ndiye kuti sunamuthandize. Koma si mmene ziyenera kukhalira.

Chimene ine ndimafunsa ndi masiku ndi mayendedwe a matendawo. Ngati munthu wapitirira masiku 10 osasintha ngakhale pang'ono, ndimayamba kuganizira mabakiteriya. Ngati anayamba kupeza bwino, mwina tsiku la 5 kapena la 6, kenako mwadzidzidzi zabwereranso mwamphamvu, thupi kutentha, mutu kuwawa kuposa poyamba, pamenepo ndimaganiziranso mabakiteriya. Chimodzimodzi amene kuyambira pachiyambi thupi latentha kufika madigiri 39, mamina ngati mafinya, nkhope ikuwawa kwambiri masiku atatu kapena anayi otsatizana. Make Chisomo, pa zimene mwalemba simunafike pamenepo. Koma thupi likangotentha musadikire masiku 10, kuno kwathu kutentha thupi timayamba tayeza malungo.

Kabaza_wa_25
Adokotala, nanga kumwa kapisozi kumapweteka chani? Si ndalama zanga?

Clinician_wa_kuBoma
Ndalama ndi zanu achimwene, koma mabakiteriya ndi a tonse. Mukamwa awiri lero awiri mawa n'kusiya, tizilombo timene tili m'thupi mwanumo timazolowera. Tsiku lina mudzadwala chibayo chenicheni, kapena mwana wanu, tidzapereka amoxicillin yemweyo iye osagwira. Tikuziona kale m'mawodi. Kuwonjezera apo amatsegula m'mimba, amayi ena amawabweretsera mauka, ndipo alipo anthu amene thupi lawo limadana ndi mankhwala a gulu la penicillin mpaka kutupa n'kubanika. Wa pagolosale sakufunsani zimenezo.

Kabaza_wa_25
Ine sindinatupepo.

Gogo_wa_Chiperoni
Ana inu mukuchulutsa sukulu. Kuno ku Thyolo Juni ndi Julayi chiperoni chikagwa aliyense mphuno zimatseka, ndipo mankhwala ake timawadziwa. Thyolani masamba a bulugamu, muwiritse mumphika, mufunde bulangete, nthunzi ilowe. Mukatuluka mmenemo mwatuluka thukuta, mphuno zatseguka. Ndi mandimu ndi jinja mu tiyi. Nthawi ya korona ija m'tauni monse munkathyola mitengo yathu mpaka kutsala mitu yokha, lero mwaiwala?

Mayi_Busa_Zomba
Agogo, nthunzi imathandizadi kupepuza, sindikutsutsa, koma ndichenjezeko. Mu 2021 mwana wa mlongo wanga wa zaka 4 anamufunditsa bulangete pamodzi ndi amayi ake, mphika uli pakati pa miyendo. Mwana anatopa ndi kutentha, anapalapata, mphika n'kugubuduka. Ntchafu zonse zinasupuka, anakhala m'chipatala masabata atatu, zipsera zilipo mpaka lero. Chimfine chimene ankachiza chija chikanatha chokha. Make Chisomo ali ndi khanda lokwawa m'nyumba, chonde ngati mukufukiza khalani nokha, mwana ali ndi agogo ake panja, ndipo madziwo muyambe mwawaphula aphwe ukali.

Gogo_wa_Chiperoni
Ameneyo anali wosasamala. Mwana safukizidwa.

Nesi_Wopuma
Pamenepo tagwirizana agogo, mwana safukizidwa. Nthunzi imapepuza kwa kanthawi koma sichotsa matenda. Chimene ine ndimachikhulupirira kwambiri ndi madzi amchere otsukira m'mphuno. Wiritsani madzi theka la lita, muwasiye azizire mpaka akhale ofunda pang'ono. Thiranimo supuni yaing'ono ya tiyi ya mchere, yosadzaza mpaka phiri, ndi ina ya soda yemweyu timathira m'therere. Sambani m'manja, thirani pang'ono pachikhatho, tsekani mphuno imodzi, kokerani madziwo ndi inayo, muwasiye atuluke. Poyamba zimanyansa, mumatsamwa, koma zimene zimatuluka mmenemo mudzadabwa. Kawiri kapena katatu patsiku, ndipo tsiku lililonse mupange atsopano. Madzi akhale owiritsa ndithu, osati ongotunga pampopi, pachitsime kapena pamjigo. M'madzi osawiritsa mumatha kukhala tizilombo timene m'mimba sitivuta koma m'mphuno ndi toopsa.

Pa ululu imwani Panado. Brufen nayenso amaloledwa kwa mayi woyamwitsa ngati mulibe zilonda za m'mimba, koma oyembekezera ayi. Chenjerani ndi mankhwala a chimfine osakanizasakaniza aja, ena muli pseudoephedrine amene amachepetsa mkaka. Imwani madzi ambiri, pogona mutu ukhale pamwamba, ndipo kansalu koviika m'madzi ofunda mukaika pamasaya kamathandiza.

Wa_ku_Joni_Randburg
Poti mwatchula mankhwala, ndiuzeko anzanga za kabotolo kofayira m'mphuno. Ndinafika kuno ku Johannesburg nyengo yozizira, mpweya wouma, mphuno zinatseka. Ndinagula Otrivin. Abale, mphindi zisanu zokha mphuno pululu, ndinkaona ngati ndapeza chozizwitsa. Ndinapitiriza. Patatha mwezi ndinali ndi kabotolo m'thumba la ovolosi, kena pansi pa pilo, kena kubafa. Ndikapanda kufayira maola anayi ndimatsekeka kuposa poyamba, usiku kudzuka kukamwa kuli gwa ngati chikopa. Ndinakhala choncho miyezi 8 ndikumauza anthu kuti ndili ndi masainasi osatha. Wa ku famase wina ndi amene anandifunsa kuti bwanji ukugula kameneka sabata iliyonse. Anati mankhwalawo ndi amene akukutsekayo, safunika kupitirira masiku ochepa, atatu mpaka asanu. Kusiya kwake ndinavutika masabata awiri, ndinayamba mphuno imodzi kenako inayo.

NaPhiri_waSaluni
Iii ndili nako m'chikwama panopa, mwezi wachiwiri uno.

Wa_ku_Joni_Randburg
Yambani kutsazikana nako achemwali.

Mjomba_Che_Bwanali
Agogo anga ankangonunkhiza fodya wa m'mphuno, kuyetsemula kasanu, nkhani yatha. Anafa ndi zaka zambirimbiri mphuno zili zoyera.

Clinician_wa_kuBoma
A Mjomba, fodya ndiye ayi. Kaya wosuta kaya wa m'mphuno, amapha timaubweya ting'onoting'ono timene timakankha mamina kuti atuluke m'mphako zija. Osuta ndi amene masainasi amawavuta kawirikawiri. Utsi wa nkhuni m'khitchini yopanda mawindo nawonso chimodzimodzi.

Dalitso_wa_Chigayo
Za fumbi ndiye mundifunse ine. Zaka 6 ndili pachigayo. Kuyambira Ogasiti mpaka mvula yoyamba ndimakhala munthu wolankhulira m'mphuno, fumbi la gaga mkati, fumbi la msewu panja, kwinaku anyamata akutentha tchire kusaka mbewa. Mkazi wanga sanatengepo, ana anayi sanatengepo. Ndiye zoti zimapatsirana kwa ine ndi nthano. Koma bambo anga anali chimodzimodzi, ndi mchemwali wanga ali ndi mphumu. Kodi si zakumtundu izi?

Clinician_wa_kuBoma
A Dalitso, zanuzo zikumveka ngati thupi lanu limadana ndi fumbi, ndipo chibadwa chimenecho chimayendadi m'magazi, pamodzi ndi mphumu ndi ziwengo za pakhungu. Chizindikiro chake ndi kuyetsemula motsatizana, mphuno ndi maso kuyabwa, mamina oyera ngati madzi, thupi osatentha. Piriton amathandiza koma amagonetsa, ndiye pafupi ndi malamba a chigayo samalani. Cetirizine sagonetsa kwambiri. Valani chotchinga kukamwa ndi mphuno pantchito. Koma ngati kutsekeka, kulemera kwa nkhope ndi kusamva fungo zimapitirira masabata 12, amenewo timawatcha okhalitsa, ndipo makapisozi a pagolosale sangawathe. Pamafunika wina ayang'ane m'mphunomo, nthawi zina mumamera tinyama tofewa totseka njira. Pali mankhwala ena ofayira a mtundu wa steroid amene amagwiritsidwa ntchito nthawi yaitali, osiyana ndi aja a mnzathu wa ku Joni. Yambirani kuchipatala cha kwanuko, akaona kuti n'zofunika akutumizani kwa madokotala a makutu, mphuno ndi pakhosi, monga aja a ku Queens ku Blantyre.

Dalitso_wa_Chigayo
Chotchinga ndimavala bwana akabwera basi kkk. Chimatentha.

Make_Mphatso_Leeds
Kuno ku England ukapita kwa dokotala ndi masainasi a masiku 6 amakubweza ndi mawu okha, akuti kamwe paracetamol ukatsuke ndi madzi amchere. Chaka changa choyamba ndinakwiya, ndinaimbira amayi kumudzi kuti anthu awa safuna kutichiza. Kuyambira 2024 a ku famase analoledwa kuona okha odwala masainasi a zaka 12 kupita m'tsogolo popanda kudzera kwa dokotala, koma nawonso funso lawo loyamba ndi lomwelo, mwadwala masiku angati. Ukati 5, ubwerera chimanjamanja. Ndiye zimene akunena adokotala athuwa si nkhanza za kwathu kokha.

Kabaza_wa_25
Ndiye mukatitumizireko ma paundi tigule mchere.

Mphunzitsi_Std4
Mchere womwewo wakwera, musaseke. Paketi imene ndinkagula chaka chatha pano ndikuiyang'ana kawiri.

NaPhiri_waSaluni
Musayambe za mitengo, tilira tonse. Shuga ndiye osanena.

Admin_Wamkulu
Abale tibwerere ku mphuno za Make Chisomo. Za shuga zili ndi tsiku lake.

Bambo_a_Mapasa
Ine ndawerenga zonse, ndipo ndikuopa kuti wina achoka pano ndi mawu amodzi okha oti dikirani masiku 10. Ndikuuzeni zimene zinatichitikira. Mwana wa mchimwene wanga, mnyamata wa zaka 9, anali ndi chimfine sabata yathunthu, palibe amene anachilabadira. Loweruka m'mawa anadzuka chikope cha diso lamanzere chitatupa, chofiira. Amayi ake anati ndi kachilombo kamuluma usiku, ena anati ndi nsokera, anamupaka mafuta. Pofika madzulo diso linatsekeka, mnyamata thupi moto, akuti ndikayendetsa diso likuwawa. Mchimwene wanga anati tidikire Lolemba. Mwamwayi mlamu anakana, tinabwereka galimoto usiku womwewo. Kuchipatala anatiuza kuti matenda achoka m'mphako za pakati pa maso n'kulowa kudiso, chifukwa fupa lolekanitsa pamenepo ndi lopyapyala ngati pepala. Anamugoneka, mankhwala olowera m'mitsempha masiku angapo. Diso linapulumuka. Dokotala anatiuza mosabisa kuti Lolemba likanakhala mochedwa.

Clinician_wa_kuBoma
Zikomo Bambo a Mapasa, mwanena chimene ndimafuna kufikapo. Masiku 10 aja ndi a munthu amene akudwala mwachizolowezi, akudya, akuyenda. Pali zina zosawerengera masiku. Kutupa kapena kufiira kozungulira diso, kuona zinthu ziwiriziwiri kapena mwachimbuuzi, diso kutuluka kapena kuwawa poliyendetsa, chotupa pamphumi, mutu woopsa umene Panado sakuugwira, khosi kuuma, kusanza kosalekeza, kusokonezeka kapena kugona kosadzutsika. Zimenezi ndi za usiku womwewo, ngakhale pa njinga. Mphako zimenezi zayandikana ndi maso ndi ubongo. Sizichitika kawirikawiri, koma zikachitika maola amawerengedwa.

Komanso amene chitetezo chawo ndi chotsika asadikire ngati ena onse: odwala shuga amene sakutsika, amene ali ndi HIV koma sakumwa ma ARV mwandondomeko kapena angoyamba kumene, amene akulandira mankhwala a khansa. Kwa iwowa ngakhale nkhungu imatha kumera m'mphakomo. Mukukumbukira ku India mu 2021, nthawi ya korona, anthu ambiri odwala shuga anataya maso ndi matenda a nkhungu yakuda aja? Ankayambira m'mphuno momwemu.

Mayi_Busa_Zomba
Ambuye atichitire chifundo. Ine ndimangoti masainasi ndi matenda a anthu a m'maofesi.

Mlonda_waUsiku
Langa linali dzino. Miyezi itatu tsaya lamanja lokha likuwawa, mphuno yamanja yokha ikutuluka zonunkha, fungo loti ndekha ndimadzinyansa. Mkazi wanga ankatembenukira kukhoma. Ndinamwa amoxicillin, ndinamwa Bactrim wa mnansi, ndinamwa doxycycline, zikaleka sabata imodzi n'kubwerera. Tsiku lina ndinapita kukachotsa dzino la kunsagwada yam'mwamba limene linabooka kalekale, silinkawawanso n'komwe. Wa mano uja atalizula anandifunsa ngati mphuno ya mbali imeneyo imandivuta. Ndinadabwa kuti wadziwa bwanji. Anati muzu unaola, mafinya ankakwera m'mphako. Patatha masabata awiri fungo linatha.

Nesi_Wopuma
Mawu oti mbali imodzi amenewo agwireni. Chimfine chimagwira mphuno zonse ziwiri. Zikakhala mbali imodzi yokha kwa nthawi yaitali, makamaka zonunkha kapena zosakanikirana ndi magazi, kapimitseni. Kwa akuluakulu mwina ndi dzino, mwina china chofunika kuchiona msanga. Kwa ana aang'ono, nthawi zambiri muli kanthu. Pa zaka zanga zonse za ntchito ndatulutsamo chimanga, nyemba, mikanda, siponji ya matiresi. Nyemba ndiye imafufuma mkatimo. Mayi amabwera akuti mwana ali ndi masainasi mwezi wathunthu, ukaunika ndi tochi, njere ya chimanga ikukuyang'ana. Musamatokose ndi kamtengo ka machesi kunyumba, mumangoikankhira mkati. Ndipo kakakhala kabatire kozungulira ka wotchi kaja, thamangani, kamawotcha mnofu pa maola ochepa.

Mphunzitsi_Std4
Wina m'kalasi mwanga analowetsa kachidutswa ka choko. Anaulula patatha masiku atatu poopa chikwapu.

Achimwene_Mainjiniya
Funso langa ndi lina. Ine mutu umandiwawa pamphumi ndi kuseri kwa diso limodzi, kawiri pamwezi, mpaka kusanza, kuwala sindikufuna. Mamina palibe. Ndakhala ndikuti ndi masainasi zaka zonsezi.

Clinician_wa_kuBoma
Achimwene, popanda kukuonani sindingagamule, koma zimene mwafotokozazo zikufanana kwambiri ndi mutu waching'alang'ala. Anthu ambiri amausokoneza ndi masainasi chifukwa umawawa malo omwewo. Masainasi opanda kutsekeka mphuno ndi opanda mamina ndi okayikitsa. Lembani masiku amene umabwera ndi zimene munadya kapena mmene munagonera, mupite nazo kuchipatala. Akakuyezeninso BP.

Make_Chisomo
Zikomo nonse, ndawerenga mpaka batire kutha. Makapisozi ndawabisa m'sutikesi. Madzi amchere ndayesa, ndinatsamwa mpaka apongozi anathamanga kuganiza kuti ndikufa, koma mphuno imodzi yatseguka. Za kuyamwitsa ndawawerengera zimene analemba a Nesi, anangoti "nesi wa mufoni?" koma mwana andibwezera. Ndikusamba m'manja ndisanamunyamule, ndipo ndikuyetsemulira pachigongono. Kapu ikadali yomweyo.

Mjomba_Che_Bwanali
Nesi wa mufoni kkkkk. Mayi ameneyo ndamukonda.

Nesi_Wopuma
Auzeni kuti nesi wa mufoniyu anagwira ntchito m'mawodi zaka zoposa 30, ndipo ali ndi zidzukulu ngati iwo. Muwapatse moni.

Make_Chisomo
Ndabweranso abale, lero tsiku la 11. Tsiku la 8 ndi la 9 ndinali bwino ndithu, ndinapita kuntchito, fungo la sopo ndinayamba kulimva. Dzulo madzulo zinatembenuka. Kuzizidwa, thupi kutentha, tsaya lamanzere kugunda ngati muli ng'oma, mamina kubwerera ambiri. Ndinakumbukira zimene analemba adokotala zoti ukapeza bwino kenako zibwerere mwamphamvu usakhale pansi. M'mawa uno ndinalawirira kuchipatala. Anandibaya chala, malungo palibe. Anandidina pamasaya, anandiunika m'mphuno ndi m'kamwa, anandifunsa ngati ndikuyamwitsa ndi ngati mankhwala ena amandiwenga. Andilembera amoxicillin, katatu patsiku, ndipo anenetsa kuti ndimalize onse ngakhale ndipeze bwino mawa. Akuti ndikapanda kusintha pakatha masiku atatu, kapena diso likatupa, ndibwerere.

Kabaza_wa_25
Ehe! Si amoxicillin yemwe uja ndinanena tsiku loyamba? Mwangotaya masiku 5 ndi ndalama ya minibasi. Ndipatseni ulemu wanga pagulu pano.

Clinician_wa_kuBoma
Dzina la mankhwala ndi lomwelo achimwene, matenda ndi amene asintha. Pa tsiku la 6 panalibe choti amoxicillin aphe. Akanamwa awiri m'mawa awiri madzulo n'kusiya mawa lake monga munanenera, lero akanapezeka pamzere womwewo, ndipo wowaona akanayamba kukanda mutu kuti awapatse chiyani poti oyambawo amwa kale mosalongosoka. Komanso simukanawayeza malungo pa kabaza.

Kabaza_wa_25
Mulimonsemo ine ndinalosera.

NaPhiri_waSaluni
Nanga mwana ali bwanji?

Make_Chisomo
Chisomo anayamba timamina Lachitatu, akuyetsemula, koma akuyamwa bwino ndipo akusewera. Apongozi akuti "ndinanena ine".

Nesi_Wopuma
Chimenecho ndi chimfine, mwina chanu, mwina cha bambo ake, mwina cha aliyense amene anamunyamula kutchalitchi. Makanda amadwala chimfine kangapo pachaka. Mudonthezereni timadontho tiwiri ta madzi amchere owiritsa aja m'mphuno asanayamwe, kuti apume bwino ali kubere. Musamupatse mankhwala anu kapena a chimfine a akuluakulu. Muzimuyang'ana kapumidwe akagona phee, malaya mutakweza. Pa msinkhu wakewo akamapuma ka 50 kapena kuposa pa mphindi imodzi, kapena pansi pa nthiti pakamalowa mkati akamakoka mpweya, akakana bere, kapena thupi likatentha, mutengereni kuchipatala tsiku lomwelo.

Make_Chisomo
Ndawerenga kapumidwe, ndapeza 38, ndabwereza kawiri. Koma nkhani ina ndi iyi. Kuyambira usiku apongozi akuyetsemula, m'mawa uno akulankhulira m'mphuno, akuti ndi fumbi la m'tauni. Ndawawiritsira madzi amchere akana, akufuna bulugamu, ndiye bambo a mwana apita kukasaka masamba.

Gogo_wa_Chiperoni
Mayi wanzeru ameneyo. Asathyole anthete okhaokha, asakanize ndi okhwima.

Mjomba_Che_Bwanali
Nanga kapu ija?

Make_Chisomo
Ndaitsuka bwinobwino a Mjomba, ndawapangira tiyi wa mandimu momwemo. Aiyang'ana, andiyang'ana ine, amwa.